Dzimbiri pa malata opaka penti limayambira ku fakitale

Malata awiri ofanana penti ndi geji angathe kukhomedwa tsiku limodzi pa khola kapena pa shedi ya mbewu, koma lina n'kuyamba dzimbiri linzake likadali bwinobwino. Kusiyanaku kumachokera pa zimene zili pansi pa penti.

Ku fakitale, chitsulo chimapsinjidwa ndi makina mpaka chipyapyale, ndipo pa ntchitoyi amathira mafuta. Mafutawo akapanda kutsukidwa mokwanira, chokutira chilichonse sichigwira bwino pa chitsulo, ndipo chinyezi chikalowa penti imatukusira n'kumasupuka. Chitsulo chotsukidwacho amachiviika mu zinki wosungunuka pa madigiri pafupifupi 450. Zinkiyu ndiye mlonda weniweni wa lata: pamene lakandika kapena kubooledwa ndi msomali, iye ndiye amayamba kudyeka, chitsulo n'kutsala. Penti imangochedwetsa kutha kwa zinki.

Kuchuluka kwa zinki kumalembedwa ndi chilembo Z. Z275 ndi magalamu 275 pa sikweya mita, kuphatikiza mbali zonse ziwiri, pamene Z100 ndi magalamu 100 okha. Geji imanena za kuchindikala kwa lata basi (geji 28 ndi yochindikala kuposa 32), sinena kanthu za zinki. Apa ndi pamene alimi ambiri amapusitsikira pogula.

Malata ena amakutidwa ndi msakanizo wa aluminiyamu, magawo 55 pa 100, ndi zinki, ndipo chizindikiro chake ndi AZ, monga AZ150. Pa denga la nyumba kapena nkhokwe amenewa amakhalitsa kuposa a zinki yekha. M'khola la nkhuku kapena nkhumba zimatembenuka: mpweya wa amoniya wochokera ku zitosi, ndowe ndi mkodzo umadya aluminiyamu msanga, monganso umachitira simenti yaiwisi. Choncho pa khola alangizi alimbikitse malata a Z a nambala yokwera, ndiponso mazenera okwanira kuti mpweya uzituluka.

Feteleza ngati CAN ndi yuliya amakoka chinyezi ndipo amadya mitundu yonse iwiri. Matumba asagunde malata. Podula, mmisiri agwiritse ntchito sizasi ya malata, chifukwa galayinda imawotcha zinki m'mphepete ndipo tizitsulo tothetheka timachita dzimbiri pa penti. Malata odikira kukhomedwa asungidwe pouma, mbali imodzi itakwezedwa kuti madzi asakhale pakati pake.