Rocky analemba yekha, koma si wake

Ife amene tinakulira m'makomboni a Lusaka, kaya ku Chawama, Kanyama kapena Matero, dzina lakuti Sylvester Stallone tinalidziwa mocedwa. Kwa ife anali Rambo cabe. M'tunyumba twa vidiyo tinali kuona minofu ndi mfuti, koma ine ndimati cida cacikulu ca munthu uyu ndi bolopeni.

Stallone anabadwa mu 1946 ku New York. Pobadwa anavulala mtsempha wa kumaso, n'cifukwa cake kamwa yake ndi yopendama ndipo mau amacita kukoka. Kwa munthu wofuna kusewera mafilimu, limeneli linali vuto, ndipo kwa zaka zambiri anali kupatsidwa tumbali tung'onotung'ono.

Mu Marichi 1975 kunacitika nkhonya pakati pa Muhammad Ali ndi Chuck Wepner. Anthu anali kuti Wepner agwa msanga, koma analimba mpaka raundi ya 15. Stallone ataona zimenezi, anakhala pansi n'kulemba nkhani ya Rocky m'masiku ocepa. Opanga mafilimu anaikonda nkhaniyo, koma anafuna kuti Rocky akhale munthu wochuka kale. Iye anakana, ati ngati sindine Rocky, sindigulitsa. Ganizirani, munthu alibe ndalama m'thumba koma akukana ndalama!

Filimuyo inatuluka mu 1976. Inadya pafupifupi madola 1 miliyoni, inabweretsa oposa 200 miliyoni, ndipo inapata mphoto zitatu za Oscar, kuphatikizapo ya filimu yopambana onse. Wotsogolera anali John G. Avildsen, koma Stallone sanacedwe kukhala pampandowo. Anatsogolera yekha Rocky II mu 1979, Rocky III mu 1982, Rocky IV mu 1985, Rocky Balboa mu 2006, Rambo mu 2008 ndi The Expendables mu 2010. Ngakhale First Blood ya mu 1982, mmene tinamuonera Rambo koyamba, iye analembako.

Manje mvetserani apa, anzanga. Rocky amene anamubala ndi bolopeni yake si wake. Mu 2019 anauza magazini ya Variety kuti alibe umwini ulionse pa Rocky, ndipo mu 2022 anadzudzula poyera Irwin Winkler, mmodzi wa opanga filimuyo, pa nkhani yomweyi. Ndalama anapata zambiri, zoona, koma eni ake a Rocky ndi ena, cifukwa n'zimene mapepala amakamba.

Masiku ano ndikayenda m'tauni ndimakumana ndi anyamata ndi atsikana akujambula masewero pa foni, oika pa Facebook ndi TikTok, ena ali m'situdiyo ndi nyimbo zao. Luso lilipo maningi. Koma akabwera bwana ndi tundalama, ati saina apa mwana wanga, ambiri asaina osawerenga, cifukwa lendi yafika ndipo unga watha m'nyumba. Njala siipatsa munthu nthawi yowerenga, ndidziwa.

Cimene ndikupempha n'cakuti mutengere Stallone pa kulemba nkhani zanu, osayembekeza kuti wina akuitaneni. Koma pa mapepala mumupose. Funsani kuti mukugulitsa ciani, kwa zaka zingati, ndipo gawo laciwiri likadzapangidwa mudzapatapo ciani. Pepalalo pitani nalo kunyumba, muonetse wodziwa malamulo. Bwana wokana kuti muliwerenge, mudziwe kuti muli kanthu m'menemo.