Mkhalapakati wogulitsira boma la America: phindu lake lili m'mapepala

M'tauni ya Reston, m'chigawo cha Virginia, kufupi ndi mzinda wa Washington ku America, muli kampani yotchedwa Carahsoft. Kampaniyi ilibe fakitale, ndipo mapulogalamu a pakompyuta omwe imagulitsa si ake. Ntchito yake ndi kutenga katundu wa makampani ena n'kukamugulitsa ku nthambi za boma.

Idakhazikitsidwa mu 2004 ndi Craig Abod, ndipo lero imagulitsa katundu wa makampani otchuka monga Adobe, Salesforce ndi Red Hat, kuphatikizapo ena ang'onoang'ono ambirimbiri.

Nanga kampani ngati Adobe, yomwe ili ndi ndalama komanso antchito akeake otsatsa malonda, ikufuniranji mkhalapakati? Yankho lake ndi lothandiza kwa aliyense wofuna kugulitsa ku boma, kaya ndi makompyuta kaya ndi nyemba za kusukulu yogonera komweko.

Kasitomala ndi wamkulu, khomo ndi lopapatiza

Boma la America limagwiritsa ntchito madola oposa 100 biliyoni pachaka pa makompyuta, mapulogalamu ndi ntchito zokhudzana nazo. Koma wogwira ntchito m'boma sangangodzuka n'kukagula kwa aliyense yemwe wamukonda. Pali malamulo otchedwa Federal Acquisition Regulation omwe amafotokoza momwe kugula kuyenera kuyendera.

Wofuna kugulitsa amayamba walembetsa patsamba la boma la SAM.gov. Akatero, ambiri amafuna kulowa mumndandanda wa General Services Administration, mwachidule GSA, nthambi yomwe idakhazikitsidwa mu 1949 ndipo imayang'anira zogula zambiri za boma. Mumndandandamu mitengo imakambidwa pasadakhale, choncho nthambi ina iliyonse imatha kungoona mtengo n'kuoda.

Kontrakiti ya GSA imakhala ya zaka zisanu, ndipo itha kuwonjezeredwa mpaka kukwana zaka 20. Kuti munthu aipeze pamatenga miyezi, ndipo akaipeza ntchito siithera pomwepo. Amayenera kumapereka malipoti a zomwe wagulitsa komanso kulipira GSA 0.75 peresenti ya malondawo. Ogulitsa ntchito zosunga zinthu pa intaneti ali ndi mpanda winanso, ndondomeko ya FedRAMP yomwe idayamba mu 2011, younika ngati katundu wawo angateteze zinsinsi za boma.

Kampani yaing'ono itha kukhala ndi katundu wabwino koma mpamba n'kuuthera pakhomo, isanagulitseko kanthu.

Chomwe mkhalapakati akugulitsa

Apa ndi pomwe Carahsoft imadyera. Iyo ili kale ndi makontrakiti a GSA, ya SEWP yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la NASA, komanso ena a maboma a zigawo. Wopanga katundu akagwirizana nayo, katundu wakeyo amaikidwa pamndandanda wa mitengo wa Carahsoft, ndipo boma litha kumugula kudzera m'makontrakiti amenewo. Nthawi zambiri pamakhalanso makampani ena omwe amaoda kwa Carahsoft n'kukapereka katunduyo ku nthambi yomwe yagula.

Choyamba chomwe wopanga katundu akulipira ndi mapepala: makotesheni, mainvoisi ndi malipoti omwe boma limafuna.

Chachiwiri ndi kudziwa msika. Antchito a kampaniyi amaimbira foni maofesi a boma, amakonza misonkhano yoonetsera katundu, ndipo amadziwa nthawi yomwe nthambi zimagula kwambiri. Chaka cha ndalama za boma la America chimatha pa 30 September, ndipo miyezi yomaliza maoda amachuluka chifukwa nthambi zimathamangira kugwiritsa ntchito ndalama zomwe zidapatsidwa.

Chachitatu ndi kulondola malipiro. Lamulo la Prompt Payment Act la mu 1982 limati boma lizilipira pasanathe masiku 30 likalandira invoisi yolembedwa bwino, ndipo likachedwa liziwonjezera chiwongoladzanja. Invoisi ikakhala yolakwika imabwezedwa, ndipo masiku aja amayamba kuwerengedwa ikakonzedwa. Wozolowera ntchitoyi salakwitsa kawirikawiri, n'chifukwa chake ndalama sizikhalitsa panjira.

Mtengo wake wa njirayi

Thandizo lonseli silaulere. Mkhalapakati amatengapo gawo lake pa malonda aliwonse, ndipo dzina lomwe lili pa kontrakiti ndi lake, osati la mwini katundu. Ubale ukasokonekera, wopanga katundu atha kupezeka ali kunja kwa khomo lomwe ankaliyesa lake.

Kudzera mwa mkhalapakati sikuchotsanso udindo. Mu 2015, Carahsoft ndi kampani ya VMware zidavomera kulipira madola 75.5 miliyoni pothetsa mlandu womwe boma linkati makampaniwa sadanene zoona za mitengo yomwe ankagulitsira makasitomala ena, zomwe zidachititsa kuti boma ligule modula pakati pa 2007 ndi 2013. Nkhaniyi adaiulula ndi munthu yemwe kale adali mmodzi mwa akuluakulu a VMware. Mlanduwo udatha pa mgwirizano, khoti lisanagamule kuti wina ndi wolakwa, koma ndalamazo zidatuluka ndithu.

Gwero la mlanduwo ndi losavuta kumva. Pokambirana mitengo, GSA inkafuna kudziwa kuti wogulitsa amatsitsira makasitomala ake ena ndi ndalama zingati, kuti boma lisagule modula kuposa iwo. Wopereka chithunzi cholakwika amakhala wadzitchera yekha msampha.

Phunziro kwa amalonda kuno kwathu

Msika wa Malawi ndi waung'ono poyerekeza ndi wa America, koma khomo ndi lofanana. Wofuna kugulitsa ku boma amafunika kulembetsa bizinesi yake, kukhala ndi nambala ya msonkho ya MRA, ndi kulembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira zogula za boma. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 April, ndipo wamalonda wochenjera amakonza mapepala ake nthawiyi isanakwane.

Ambiri omwe alibe mapepala amapereka katundu kudzera mwa anzawo omwe adapata tenda. Palibe cholakwika, bola wamalonda asiyanitse mkhalapakati weniweni ndi dobadoba. Weniweni amaonetsa kontrakiti kapena LPO, amanena poyera gawo lomwe atengepo, ndipo amavomera kulemberana. Dobadoba amangoti ali ndi munthu wake mkatimo.

Asanatulutse katundu, wamalonda adziwe kuti invoisi ikulembedwa m'dzina la ndani, iye alandira liti ndalama zake, ndipo zidzakhala bwanji boma likachedwa kulipira. Ngati katunduyo adamutenga pangongole, awerengere chiwongoladzanja cha miyezi yodikira asanatchule mtengo. Asungenso malisiti ndi makotesheni onse, chifukwa funso la mtengo litha kubwera patapita zaka.

Ndipo ngakhale akugulitsa kudzera mwa wina, ayambe pang'onopang'ono kukonza mapepala akeake. Gawo lomwe mkhalapakati akutenga lero ndi mtengo wa mapepala omwe mwini katundu alibe.