Masamu a Njuga: Kodi Wopindula Ndani?

Nyengo yogulitsa fodya, soya ndi mtedza ikafika, ndalama zimayenda m'misika ya Kabudula, Nsaru ndi Namitete. Kale njuga kuno inali ya makhadi kuseri kwa msika, koma lero maseŵera a kasino aloŵa m'foni za ana athu, ndipo otchuka ndi aja akuti kandege. Boma lidaika lamulo loyang'anira njuga mu 1996, ndi lina mu 2022, koma lamulo silisintha masamu. Tsono tiyeni tiŵerengere pamodzi monga tichitira m'kalasi.

Pa maseŵera a roulette pali gudumu la mabowo 37, kuyambira 0 kufikira 36. Munthu asankha nambala imodzi, ndipo kampira kakagwera pamenepo alandira ndalama yake kuchulukitsa ka 35, pamodzi ndi imene adaikayo. Tinene kuti mnyamata aika K1,000 maulendo 37: watulutsa K37,000. Poŵerengera maulendo ambirimbiri, nambala yake ituluka kamodzi pa maulendo 37 alionse, ndipo alandira K36,000. K1,000 yatsala kwa mwini gudumu. Ndiye kuti pa K100 iliyonse yoikidwa, mwiniyo atapapo K2.70. Kandege nako adakakonza kuti kazibweza pafupifupi K97 pa K100.

Ndalamayi ioneka yochepa, koma wotchova njuga saika kamodzi. Chimene wapambana achibwezeranso, ndipo ulendo uliwonse mwini atapapo gawo lake, monga anankafumbwe amalizira nkhokwe pang'onopang'ono. Mwiniyo safunika kubera munthu, pakuti masamu amgwirira ntchito usana ndi usiku.

Ena amati, “Ndaluza kasanu, tsopano nthaŵi yanga yakwana.” Gudumu lilibe chikumbumtima ndiponso silikumbukira za dzulo, mwayi wa ulendo wachisanu ndi chimodzi ndi womwe uja, umodzi pa 37. Wopambana mmodzi amveka mudzi wonse, pamene oluza ambiri apita kwawo mwakachetechete, ndalama ya feteleza ndi fizi ya mwana itapita.

Makolo anzathu, kukalipa kokha sikukwanira. Madzulo ano tengani pensulo ndi pepala, ndipo mwana aŵerengere yekha masamu ameneŵa. Mukatero muŵerenge naye Miyambo 13:11. Inunso achinyamata, musanaike ndalama imene mudakhetsera thukuta m'munda, dzifunseni: ngati otchova njuga akadamapindula, mwini maseŵerawo akadalipira chiyani antchito ake?