Bwanji mnyanga umamatuka pa makiyi a piyano?

Piyano imakhala ndi makiyi 88, ndipo 52 mwa iwo ndi oyera. Pa mapiyano akalekale, ngati omwe mungawapeze m'matchalitchi ena muno mu Blantyre, choyeracho si pulasitiki ayi. Ndi timapale ta mnyanga wa njovu tomata pathabwa. Mukayang'anitsitsa muona kamzere kopingasa polumikizira tizidutswa tiwiri. Kachidutswa kakutsogolo, pogunda chala paja, ndi kamene kamamatuka kawirikawiri.

Ndikafunsa ophunzira anga kuno ku Namiwawa chifukwa chake, ambiri amati woyimba amamenya mwamphamvu. Koma wolakwa weniweni ndi chinyezi. Taganizani za chitseko chathabwa kwanu: mu Januwale chimakana kutsekeka, mu Okutobala chimangolowa bwinobwino. Thabwa limamwa chinyezi cha mumpweya n'kufufuma, likauma limabwerera. Mnyanga nawonso umatero, koma mosafanana ndi thabwa. Ndiye chaka ndi chaka ziwirizi zimakokana, mpaka guluu wapakati, wopangidwa kuchokera ku zikopa za nyama, amatopa n'kutaya.

Ubwino wa guluuyu ndi woti amafewa ndi madzi komanso kutentha, choncho kukonza n'kotheka. Mmisiri amapala guluu wakale, n'kupaka watsopano wosakaniza ndi ufa woyera. Ufawo ngwachiyani? Kaphaleko n'kopyapyala, pafupifupi milimita imodzi, moti kuwala kumadutsa, thabwa n'kumaonekera pansi ngati litsiro. Akatero amapana ndi kachitsulo kosalala kotenthetsa. Kutenthako kumathandiza guluu kufalikira paliponse, pomwe kupanako kumaletsa mnyanga kupindika ngati pepala lomwe lanyowa mbali imodzi. Super glue ayi: akagwira mokhota, pomatulanso mnyanga umasweka.

Nanga osangogula kaphale katsopano bwanji? Malonda a minyanga pakati pa mayiko adaletsedwa mu 1989 pansi pa pangano la CITES, njovu zitaphedwa zochuluka. Mu 2016 boma lathu lidatentha matani 2.6 a minyanga ku Mzuzu, ndipo kuchokera mu 2017 wogulitsa minyanga atha kukakhala kundende zaka zofika 30. Kaphale kakatayika, mmisiri amaikapo pulasitiki kapena amachotsa pa piyano ina yomwe idafa kale.

Tsono mukaona kamatuka, musakasese pamodzi ndi zinyalala. Kasungeni mu emvulopu, lembani kiyi yomwe kachokera, mupereke kwa akuluakulu. Ndipo popukuta makiyi, finyani kansalu mpaka kasiye kudontha.