KUKWERA PAMODZI: MIPANDO YOPANDA ANTHU IKUTIDYERA NDALAMA

Aliyense amene amalowa m'tauni ya Lusaka m'mawa audziwa bwino mndandanda wa magalimoto umene umayambira ku Chelston pa mseu wa Great East, kapena ku Makeni pa mseu wa Kafue. Tikasuzumira m'kati mwa magalimotowo tipeza kuti ambiri anyamula munthu mmodzi cabe, pamene mipando itatu kapena inai ilibe munthu. Mafuta akupsa, nthawi ikutha, ndipo pambali pa mseu womwewo anthu aimirira kuyembekeza minibasi.

Mzindawu wakula kwambiri. Kalembera wa 2010 anapeza anthu 1.7 miliyoni m'boma la Lusaka, koma wa 2022 anapeza opitirira 2 miliyoni. Pakati pa 2018 ndi 2021 boma linakuza miseu ndi kumanga maulalo apamwamba pa Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres. Maulalowa anathandiza, koma mseu ukakula magalimoto naonso amaculuka kufikira utadzazanso.

Mtengo wa ulendo nao sunaime. Mu December 2021 boma linaleka kuthirapo ndalama pa mtengo wa mafuta, ndipo mu 2022 kabungwe ka ERB kanayamba kuunika mtengowo mwezi ndi mwezi. Petulo akakwera, woyamba kulira ndi wokwera. Cigwere kampani ya mabasi ya boma ya UBZ m'zaka za m'ma 1990, anthu wamba adalira maminibasi ndi matakisi a eni ake.

Tsopano kuli matakisi oitana pa lamya, monga Yango imene inafika m'Zambia mu 2022. Ubwino wake ngwakuti mtengo uoneka pa lamya munthu asanakwere, ndipo palibe kukangana ndi dalaivala. Koma takisi yonyamula munthu mmodzi itenga malo pa mseu cimodzimodzi ndi galimoto ya bwana amene ali yekha. Cotero kuitana takisi pa lamya pakokha sikucepetsa kuthithikana kwa magalimoto. Cimene cingacepetse ndi kukwera pamodzi.

Ku America kampani ya Uber inayamba njira yotere mu 2014 mumzinda wa San Francisco. Kompyuta inali kuona anthu opita mbali imodzi nkuwaika m'galimoto imodzi, ndipo aliyense analipirako pang'ono. Njirayi inaimitsidwa mu March 2020 cifukwa ca mliri wa Covid-19, koma pambuyo pake inabwereranso ndi dzina lina. Kwa ife maganizo amenewa si acilendo. Ku Kitwe, ku Ndola ndi ku Livingstone anthu anazolowera kale kukwera anai m'takisi imodzi, aliyense kulipira mpando wake.

Masamu ake ngosabvuta. Tiyerekeze kuti ulendo wopita m'tauni ndi K120. Munthu mmodzi alipira yonse yekha, koma anthu anai okhala m'komboni imodzi apereka K30 aliyense, ndipo pa mseu payenda galimoto imodzi m'malo mwa zinai. Malemu Papa Francis, m'kalata yao ya Laudato Si' ya mu 2015, anadandaula za magalimoto ambiri oyenda m'mizinda ndi munthu mmodzi kapena awiri, kuti amadzaza miseu ndi kuipitsa mpweya. Nkhaniyi ikhudza thumba ndi cikumbumtima comwe.

Komabe tisanamizane. Phindu la pa mseu limabwera pamene wosiya galimoto yake kunyumba, kapena wokwera takisi yekha, alola kukhala ndi anzake. Ngati anthu 16 atsika m'minibasi imodzi nkulowa m'matakisi anai, mseu udzadzaza kuposa kale. Ndiponso walira mvula walira matope: wokwera pamodzi ayenera kupirira kuyembekeza mnzake ndi kuzungulira pang'ono pokamtula.

Bvuto lalikulu ndi kukhulupirirana. Mai amene aweruka nchito usiku sangalowe m'galimoto ya amuna atatu amene sawadziwa, ndipo sitingamuimbe mlandu. Apa ndi pamene miphakati yathu, magulu a cilimba ndi anzathu a kunchito angathandize, pakuti kumeneko timadziwana maina ndi makomo. Anthu anai odziwana angapangane nthawi ndi malo okumana, mmodzi aitane takisi pa lamya, enawo amutumizire gawo lao pa mobile money. Asanakwere aone ngati nambala ya galimoto ndi nkhope ya dalaivala zigwirizana ndi za pa lamya.

Eni magalimoto naonso akumbukire lamulo. Kusonkherana za mafuta ndi anansi ndi cinthu cina, koma kunyamula anthu monga malonda kufuna cilolezo ca RTSA ndi inshuwalansi yoyenera, apo ayi tsiku la ngozi okwerawo ndiwo adzabvutike.

Tipempha makampani a matakisi a pa lamya ndi a RTSA kuti akhale pansi ndi kukonza malamulo omveka a kukwera pamodzi, oteteza wokwera osapondereza dalaivala. Koma ife tisayembekeze msonkhano umenewo. Pa Sondo likudzali, tikatha mapemphero, tifunsane kuti ndani amapita ku Kamwala, ku UTH kapena ku Cairo Road m'mawa, ndipo amanyamuka nthawi yanji. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha.