Kabokosi ka mafilimu: musanagule, yambani mwawerenga mabando

Mwezi watha, ndalama yalowa, ndipo mnzanu wa ku Dambwa wakuitanani kuti mukaone chimene wagula. Pansi pa TV yake pali kabokosi kakuda, kakang'ono ngati sopo. Akangokanikiza rimoti, mafilimu mazanamazana atulukira, asankha imene afuna, aimika, apita kukatenga madzi, abwera napitiriza. Kulibe dishi padenga, kulibe kuyembekeza nthawi ya pulogalamu. Imwe mtima wayamba kale kuthamangira ku shopu.

Imani pang'ono. Kabokosiko sikadula kwenikweni. Chimene chidzakudyerani ndalama ndi chakudya chake.

Tauni ino inayamba kale kukonda mafilimu. Nyumba ya Capitol Theatre pa Mosi-oa-Tunya Road inamangidwa mu 1931, pamene Livingstone anali likulu la Northern Rhodesia. Pambuyo pake kunabwera tunyumba twa vidiyo m'makomboni, ma DVD a pamsika wa Maramba, ndiye madikoda. GOtv inayambira kuno ku Zambia mu 2011, ndipo TopStar inafala mu 2017, pamene TV yakale ya analogi inazimitsidwa m'matauni a m'mbali mwa njanji. Manje kwabwera kabokosi ka intaneti.

Kusiyana kwake ndi uku. Dikoda imatenga zithunzi ku dishi kapena ku mlongoti. Mukalipira za mwezi, olo ana atambe kuchokera m'mawa mpaka usiku, ndalama ndi yomweyo. Kabokosi ndi kakompyuta kakang'ono. Mumakalumikiza ku TV ndi waya wa HDMI, ndipo kamakoka filimu pa intaneti, kaya ku Netflix kapena ku YouTube. Mphindi iliyonse imene mutamba, bando ikutha.

Tiyeni tiwerenge pamodzi. A Netflix okha amanena kuti ola limodzi la chithunzi wamba limadya mpaka 1GB, la HD mpaka 3GB, la 4K mpaka 7GB. Filimu ya maola awiri ya HD ingathe kumeza 6GB. Mukamatamba imodzi chabe usiku uliwonse, pamwezi mungafike ku 180GB. Mukatsitsa chithunzi kuti chikhale wamba, ndi cha ku ma 60GB. Manje tsegulani foni, muone kuti MTN, Airtel kapena Zamtel akugulitsa zingati bando yotere, muikepo ndi ndalama ya mwezi ya Netflix. Ndiye muyerekeze ndi zimene mumalipira pa dikoda. Ndipo pamenepo sitinawerenge tukatuni twa ana Loweruka m'mawa.

Ndiye chifukwa chake kabokosi kamakoma m'nyumba imene muli kale rauta ya bando yaikulu ya pamwezi. Ngati mumadalira tubando twa tsiku limodzi, kadzakhala chokongoletsera pashelefu sabata isanathe. Mwina mungagwirizane ndi anzanu a m'yadi kusonkherana rauta imodzi. Zimatheka, koma mvanani pachiyambi za tsiku lolipira, chifukwa nkhani ya ndalama imadanitsa anthu omwera pampopi umodzi.

Nanga malaiti? Tili pafupi ndi siteshoni ya magetsi ya Victoria Falls ya 108MW, koma simunaiwale 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo nyumba zambiri m'dziko zinali kuona malaiti maola ochepa chabe patsiku. Ubwino wake, kabokosi sikadya magetsi ambiri. Tambiri sitipitirira mawati 10, ndipo TV ya LED ya mainchesi 32 imadya cha ku ma 50 kapena kuchepera. Batire, invata yaing'ono ndi sola zingakwanitse. Koma malaiti akapita nthawi yaitali, netiweki nayo imayamba kuvuta, filimu ingozungulira pakati pa nkhani. Apa sankhani kabokosi kamene kali ndi polowetsa fulashi, kuti zimene munasunga muzitambe popanda intaneti.

Manje chenjerani ndi mabokosi aja olembedwa 8K pakatoni, amene wogulitsa amalumbira kuti muli matchanelo masauzande ndi mpira wonse mahala mpaka kalekale. Zimenezo n'zakuba, ndipo lamulo loteteza eni mafilimu sililola. Lero zitamba, mawa zazima, ndipo amene anakugulitsani sayankhanso foni. Palinso choopsa china. Mu June 2025 a FBI ku America anachenjeza za BADBOX 2.0, pulogalamu yoipa imene imabwera ili kale m'tumabokosi totchipa. A Google anati zipangizo zoposa 10 miliyoni zinagwidwa nayo. Kabokosi kotere kamalola anthu osadziwika kugwiritsa ntchito intaneti ya m'nyumba mwanu imwe osadziwa, pa bando imene mwagula ndi thukuta lanu.

Choncho musachoke m'shopu kabokosi kali m'katoni. Auzeni akalumikize ku TV pomwepo. Funsani ngati n'kovomerezedwa ndi Google Play Protect. Tsegulani Netflix muone, chifukwa mabokosi osavomerezedwa kawirikawiri saonetsa Netflix mu HD olo pakatoni alembe manambala otani. Maina odziwika monga Xiaomi TV Box kapena Fire TV Stick ya Amazon amadulako, koma mumadziwa chimene mwagula. Ndipo tengani risiti.

Phindu lake lenileni lilipo. Ngati TV yanu ndi yakale koma ili ndi polowetsa HDMI, kabokosi kabwino kamaisandutsa smart TV popanda kugula ina. Mungakhale pansi banja lonse kutamba Can You See Us?, filimu ya Kenny Mumba yochokera pa moyo wa woimba John Chiti, imene mu 2023 inakhala filimu yoyamba ya ku Zambia pa Netflix. Mavidiyo a Yo Maps amene mumapanikizana nawo pa foni imodzi adzadzaza TV yonse. Koma ngati m'nyumba mwanu mtima uli pa Mpali ya pa Zambezi Magic ndi Premier League ya pa SuperSport, dikoda musaitaye. Amayi sadzakukhululukirani.

Kutsogolo, intaneti ikuwonjezeka. MTN inayambitsa 5G m'dziko muno mu 2022, Starlink inafika mu October 2023, ndipo makampani akamapikisana wogula ndiye amapumako. Komanso ma TV atsopano ambiri akubwera ali kale ndi YouTube ndi Netflix m'kati, ndiye amene adzagula TV yatsopano mwina kabokosi sadzakafuna n'komwe. Ntchito yake yaikulu ndi kupatsa moyo TV imene muli nayo kale.

Ndiye musanapite m'tauni Loweruka lino, tengani pepala mulembe zinthu zitatu: ndalama ya bando pamwezi, ndalama ya sevisi imene mufuna kutamba, ndi zimene banja lanu limatamba zoona. Ngati zikukwana pambuyo pa renti, unga ndi za sukulu, kaguleni kabokosi kabwino kamodzi. Ngati sizikwana, lipirani dikoda, ndipo Lachisanu mugule chibwantu mukatambire kwa mnzanu wa ku Dambwa uja.