Msana ukawawa mu Aqua, wolakwa ndani: batire, mpando kapena msewu?

Tsiku lina cha m'ma 7 koloko m'mawa mudzaime m'mbali mwa msewu wochokera ku Old Town kupita ku City Centre, muwerenge timagalimoto timene tikudutsa. Mudzaona ma Toyota Aqua, ma Prius ndi ma Honda Fit, ena a anthu opita kuntchito ku Capital Hill, ena onyamula anthu pamalipiro. Aqua ndi Prius ndi magalimoto a hybrid, ma Fit enanso chimodzimodzi. Hybrid ndi galimoto yoyendera zinthu ziwiri: injini ya petulo ndi mota ya magetsi. Anthu awakonda magalimotowa chifukwa samwa mafuta ambiri, ndipo aliyense amene anaona mizere ya pamalo omwetsera mafuta mu 2022 ndi mu 2024 akudziwa kuti nkhani imeneyi si yamasewera.

Koma mwina kwanu kuli bambo, azakhali kapena achimwene amene akatsika m'galimoto yotere amayamba agwira m'chiuno, kudziwongola, kenako n'kumayenda ngati nkhalamba. Ena amaloza chala batire, amati mwina magetsi ake ndi amene akuwadya msana. Kodi zili choncho? Yankho lalifupi ndi lakuti ayi. Msana umapwetekedwa ndi zinthu zitatu: kakhalidwe ka munthu pampando, kutalika kwa nthawi imene wakhalapo, ndi kugwedezeka kochokera mumsewu. Tiyeni tizione chimodzichimodzi, koma tiyambe ndi amene akunamiziridwa mlanduyu.

Batire lilibe mlandu

Kampani ya Toyota inayamba kugulitsa Prius ku Japan mu 1997, ndipo Aqua inatuluka kumapeto kwa 2011. Ambiri mwa amene timawaona ku Lilongwe anagwirako kale ntchito ku Japan, n'kubwera pasitima mpaka ku Dar es Salaam, kenako pamsewu kudzera pachipata cha Songwe ku Karonga.

Mu Aqua yoyambayo, batire lalikulu lili pansi pa mpando wakumbuyo ndipo mphamvu yake ndi 144 volts. Galimoto ikamanyamuka kapena ikamayenda pang'onopang'ono, mota ya magetsi imathandiza injini, nthawi zina imayendetsa yokha. Dalaivala akaponda mabuleki, motayo imasanduka jenereta n'kubwezera magetsi m'batire. Magetsi amenewa ndi oopsa ukawagwira, n'chifukwa chake mawaya ake anawapanga a mtundu wa lalanje kuti munthu asamaseweretse. Koma amayenda m'mawaya otsekedwa bwino, safika pathupi la wokwera.

Nanga mphamvu ya maginito imene imazungulira waya aliyense wodutsa magetsi? Bungwe lofufuza la SINTEF la ku Norway linatsogolera kafukufuku woyeza zimenezi m'magalimoto oyendera magetsi, ndipo mu 2014 linalengeza kuti mphamvuyo sinkafika ngakhale 20 peresenti ya malire amene akatswiri a padziko lonse anaika kuti ndi otetezeka.

Komanso pali chinthu chimodzi chimene hybrid imachita bwino. Mukatsekeredwa pamzere wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe kapena ku Malangalanga, injini yake nthawi zambiri imazima yokha. Minibasi ya dizilo imene ili pambali panu ikunjenjemera, inu muli phee. Choncho pa nkhani ya kunjenjemera kwa injini, hybrid ndi yofatsa kuposa anzake.

Mkati mwa msana muli chiyani?

Gwirani kumbuyo kwa khosi lanu, mutsitse chala pang'onopang'ono. Timabampu timene mukumvato ndi mafupa a msana. Alipo 33: a m'khosi 7, a kuseri kwa chifuwa 12, a m'chiuno 5, ndipo 9 otsalawo ali kumunsi kwenikweni, ambiri mwa iwo ndi omatana. Pakati pa mafupa oyendayendawo pali timitsamiro 23 timene madokotala amati ma disc. Kamtsamiro kalikonse ndi kolimba kunja, koma mkati mwake ndi mofewa, modzaza madzi. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya mashoko a galimoto: kulandira kugunda kuti mafupa asakhulane.

Msana wabwino si wowongoka ngati nsungwi. Mukauyang'ana cham'mbali umapindika ngati chilembo cha S, ndipo m'chiuno umalowa mkati pang'ono. Munthu akakhala pampando wotsika, mawondo n'kukwera kuposa chiuno, mafupa a chiuno amapendekera kumbuyo ndipo S uja amasanduka C. Zikatero timitsamiro timafinyika kutsogolo, pamene minofu ndi minyewa yakumbuyo imakokeka.

China n'chakuti timitsamiro ta munthu wamkulu tilibe mitsempha ya magazi mkati mwake. Chakudya chimalowamo m'njira ija mumaiphunzira mu Biology, ya diffusion, ndipo kuyendayenda kumathandiza madzi kulowa ndi kutuluka, monga siponji ukamaifinya n'kuisiya. Munthu akangokhala malo amodzi kwa maola, siponjiyo imangofinyika osapuma.

Anayeza bwanji?

M'zaka za m'ma 1960, dokotala wa ku Sweden, Alf Nachemson, ankalowetsa singano yoyezera m'timitsamiro ta anthu amoyo, ndipo anapeza kuti kukhala pansi osatsamira kumafinya kamtsamiro kuposa kuimirira. Mu 1999, Hans-Joachim Wilke ndi anzake ku Ulm, m'dziko la Germany, anabwereza ntchitoyi ndi chipangizo chamakono pa munthu mmodzi wodzipereka. Atagona chagada, mphamvu yofinya inali 0.1 MPa. Ataimirira inali 0.5 MPa. Atakhala pansi n'kuweramira kutsogolo kwambiri inakwera kudutsa 0.8 MPa, koma atatsamira bwino kumbuyo inatsika kufika cha m'ma 0.3 MPa. Atanyamula katundu wa makilogalamu 20 msana uli wopindika, inafika 2.3 MPa.

Kuti manambalawa amveke, tayala la galimoto yaing'ono amalipopa mpweya wa pafupifupi 0.23 MPa. Ndiye kuti mukangoimirira, kamtsamiro ka m'chiuno mwanu kakusenza kuwirikiza kawiri mphamvu ya m'tayala. Munthu mmodzi sangaimire anthu onse, n'zoona, koma phunziro lake ndi lomveka: kukhala pansi pakokha si vuto, nkhani ili pa mmene wakhalira. Dalaivala wokumbatira chiwongolero, khosi lili tolotolo kutsogolo, akufinya msana wake kuposa mnzake wotsamira.

Katungwe ndi mabampu

Tsopano tibwere ku Physics. Mukamakankha mwana pa katungwe, simufunika mphamvu zambiri. Chofunika n'kukankha pa nthawi yake, katungweyo amakwera yekha. Chinthu chilichonse chili ndi liwiro lake la kugwedezeka limene chimalikonda, ndipo mukachigwedeza pa liwiro lomwelo, kugwedezekako kumakula. Imeneyi ndiyo resonance.

Thupi la munthu wokhala pampando limalandira kwambiri kugwedezeka kwa m'mwamba ndi pansi kochitika maulendo 4 mpaka 6 pa sekondi, kapena kuti 4 mpaka 6 Hz. Tiyeni tiwerengere. Tiyerekeze msewu wafumbi umene wachita mizeremizere ngati lata, mzere uliwonse motalikana mita imodzi ndi unzake. Galimoto ikuyenda makilomita 18 pa ola, amene ndi mamita 5 pa sekondi. Ndiye kuti tayala likugunda mizere 5 pa sekondi: 5 Hz ndendende. Galimotoyo ikuyenda pang'onopang'ono, eti, koma msana wa wokwera uli pa katungwe.

Masipuling'i, mashoko ndi siponji ya mpando anazipanga kuti zichepetse zimenezi. Koma galimoto imene yayenda zaka 10 ku Japan, n'kudzakumana ndi maenje a nyengo ya dzinja ndi mabampu a m'misewu ya ku Area 10, Area 43 kapena Area 47, mashoko ake amatopa, siponji ya mpando imaphwa. Zimene zinayenera kuthera m'mashoko zimakathera m'chiuno mwa munthu.

Nanga hybrid ikulowapo pati?

Ikulowapo pa kapangidwe ka thupi lake. Kuti galimoto isamwe mafuta ambiri, iyenera kukhala yopepuka komanso yodutsa mumphepo mosavuta. N'chifukwa chake denga la Prius limatsetsereka chakumbuyo, ndipo Aqua yoyamba ndi yotalika pafupifupi mamita 4 koma msinkhu wake ndi mamita 1.45 okha. Denga likatsika, mpando nawo umatsika. Munthu wamtali amapezeka mawondo ali m'mwamba, kapena amagoneka mpando kwambiri kuti mutu usagunde denga, kenako n'kumatambasula manja ndi khosi kuti afikire chiwongolero. Vuto lomweli lilipo m'galimoto iliyonse yaing'ono yotsika, ngakhale ya petulo yekha.

Ikulowaponso pa nthawi. Galimoto yosamwa mafuta ndi imene anthu amaisankha pa ntchito yonyamula anthu tsiku lonse, ndipo thanki imodzi imakufikitsa kutali osaima. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 300. Munthu akhoza kudutsa Dedza, Lizulu ndi Ntcheu osatsika n'komwe, poti mafuta alipo. Galimotoyo sinatope, koma msana watopa kalekale.

Zimene mungawauze kunyumba

Kukonza mpando sikulira ndalama. Galimoto itaima, dalaivala akhale mpaka matako afike kumbuyo kwenikweni kwa mpando. Asunthe mpando kuti akaponda buleki mpaka pansi, bondo likhalebe lopindika pang'ono, ndipo pakati pa mphepete mwa mpando ndi kuseri kwa bondo pazilowa zala ziwiri kapena zitatu. Ngati mpando umakwera, aukweze kuti chiuno chifanane ndi mawondo kapena chiwapose pang'ono. Chotsamira chipendekere kumbuyo pang'ono chabe, cha m'ma digiri 100 mpaka 110. Mapewa ali chitsamire, atambasule dzanja: polumikizira dzanja ndi mkono pazifika pamwamba pa chiwongolero. Chotsamira mutu chifike msinkhu wa pamwamba pa mutu, chifukwa ndi chimene chimateteza khosi galimoto ikagundidwa kumbuyo.

Ngati mpando ulibe chochirikiza m'chiuno, chitenje kapena kathaulo kokulunga bwino n'kuika pamwamba pa lamba wa thalauza kamabwezeretsa S uja. Chikwama cha ndalama kapena foni zichoke m'thumba lakumbuyo, chifukwa zimapendeketsa chiuno mbali imodzi. Paulendo wautali, maola awiri akakwana aime, atsike, ayendeyende kwa mphindi 15. Matayala apopedwe molingana ndi nambala yolembedwa pakachikwangwani ka pachitseko cha dalaivala. Ena amapopa mopitirira kuti apulumutse mafuta, koma tayala lolimba ngati mwala limatumiza bampu aliyense kumsana. Ndipo okhala kumbuyo mu Aqua asatseke ndi zikwama kapena mapilo timabowo tolowetsa mpweya ta m'munsi mwa mpando, chifukwa ndi timene timaziziritsa batire.

Pamene mpando si yankho

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi ululu wa m'munsi mwa msana, ndipo chiwerengerochi chikhoza kufika 843 miliyoni pofika 2050. Mwa anthu 10 aliwonse odwala msana, pafupifupi 9 sapezeka ndi matenda enieni amene angalozedwe, ndipo ambiri amapeza bwino akamayendayenda m'malo mongogona.

Koma pali zizindikiro zosafunika kuzengereza. Ngati ululu ukutsikira m'mwendo ndipo mwendowo ukuchita dzanzi kapena kufooka, ngati munthu akulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi, ngati ululu unayamba atagwa kapena atachita ngozi, kapena ukubwera pamodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda, apite kuchipatala msanga. TB simangogwira mapapo okha, imagwiranso mafupa a msana, ndipo imachizika ikapezeka nthawi yabwino. Ku Lilongwe, pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central pali LION, malo a akatswiri a mafupa, ubongo ndi mitsempha, kumene odwala otere amatumizidwa kuchokera kuzipatala zing'onozing'ono.

Kayeseni nokha

Mawa mukangodzuka, imani chotsamira khoma opanda nsapato, mnzanu aike buku pamutu panu n'kulemba kachizindikiro ndi pensulo. Madzulo musanagone bwerezani pamalo omwewo. Anthu ambiri amapeza kuti afupika ndi sentimita imodzi, ena mpaka ziwiri. Ndi madzi aja a m'timitsamiro amene afinyidwa tsiku lonse, ndipo amabwerera usiku mukagona. Chitani zimenezi masiku asanu, mulembe zotsatira mu tebulo, muyerekeze tsiku la sukulu ndi Loweruka.

Inu simunayambe kuyendetsa galimoto, komatu mumakhala padesiki kuyambira m'mawa mpaka masana, ena mumapanikizana mu minibasi kapena kukwera kabaza m'misewu ya mabampu. Malamulo ake ndi omwewo: tsamirani, musawerame nthawi yaitali, ndipo belu likalira imirirani muwongole miyendo. Paja akuluakulu amati mtengo amauwongola ukadali waung'ono.